Mwana wanga akufuna vayolini ikhale ntchito yake, bambo ake akuti adzangothera pa kuphunzitsa ana

Funso lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Manchester, ku Britain. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 14, anayamba vayolini ali ndi zaka 7, ndipo wangopambana kumene mayeso a vayolini a giredi 7. Tsopano wanena poyera kuti nyimbo ndiyo idzakhale ntchito yake. Bambo ake sakugwirizana nazo, akuti oliza vayolini onse amathera pa kuphunzitsa ana a anzawo. Amayiwa akufuna kudziwa mmene moyo wa munthu wa vayolini umayendera, komanso ngati uphunzitsi ndi kumene amagwera amene zawakanika.

Amayi, bambo a mwanayo sananame. Oliza vayolini ambiri amaphunzitsa, ngakhale amene mumawaona pa wailesi yakanema atavala zakuda. Inenso ndimaphunzitsa. Pamene bambowa aphonya ndi poyesa kuti munthu amayamba kuphunzitsa chifukwa kuliza kwamukanika. Ndikufotokozereni za munthu mmodzi, Yehudi Menuhin, chifukwa iye anagwira ntchito zonse zitatu za m'gawoli: kuliza, kutsogolera gulu la oyimba, ndi kuphunzitsa. Sukulu imene anayambitsa ikadalipo m'dziko limene mukukhalalo.

Menuhin anabadwira ku New York pa 22 Epulo 1916, makolo ake anali Ayuda ochokera ku mayiko amene ankalamulidwa ndi Russia, ndipo anakulira ku San Francisco. Mphunzitsi amene anamutsegula maso anali Louis Persinger, mtsogoleri wa oliza vayolini mu okesitira ya mumzindawo, gulu lalikulu la anthu oliza zida zosiyanasiyana pamodzi. Mwanayo ankathamanga moopsa. Mu Novembala 1927, ali ndi zaka 11, anaimirira mu Carnegie Hall ku New York atavala kabudula n'kuliza concerto ya Beethoven. Concerto ndi nyimbo yaitali imene munthu mmodzi amaliza ataima kutsogolo, okesitira yonse ikumuyankha kumbuyo, ndipo iyi ya Beethoven imatenga mphindi zoposa 40. Mu Epulo 1929 ku Berlin, masiku ochepa asanakwanitse zaka 13, analiza ma concerto atatu usiku umodzi, ya Bach, ya Beethoven ndi ya Brahms, Bruno Walter akutsogolera. Mu 1932 anajambula concerto ya Edward Elgar ku London, mwini nyimboyo wa zaka 75 akutsogolera yekha, mnyamatayo ali ndi zaka 16. Mpaka lero anthu amagulabe zimene anajambula tsikulo.

Mukawerenga zimenezi musayerekeze ndi mwana wanu n'kutaya mtima. Ana otere amabadwa mwa apo ndi apo, ndipo zimene zinamuchitikira Menuhin pambuyo pake n'zimene zili ndi phunziro kwa inu.

Ali ndi zaka 10, makolo ake anapita naye ku Brussels kuti akamumve Eugène Ysaÿe, amene panthawiyo anali nkhalamba yolemekezeka pa vayolini. Mwanayo analiza nyimbo yovuta ya Lalo bwino lomwe. Kenaka mkuluyo anamupempha kanthu kakang'ono, kuti akwere ndi kutsika manotsi a kiyi ya A, modumphadumpha, kuchokera pansi mpaka pamwamba pa vayolini, zimene wophunzira aliyense amachita m'mawa asanayambe nyimbo. Zala za mwanayo zinasokonezeka. Ysaÿe anamulangiza kuti abwerere ku masikelo, kuyeserera kokwera ndi kutsika manotsi mwandondomeko. Mwanayo sanakhale naye. Anapita ku Paris kwa George Enescu wa ku Romania, munthu amene ankayatsa moto mwa wophunzira koma sankalimbana ndi zoti chala chachitatu chagona bwanji. Menuhin mwini wake anadzaifotokoza nkhaniyi atakula, akuvomereza kuti mkulu uja anaona zoona.

Vuto lake linali ili: ankaliza bwino koma sankadziwa kuti akuliza bwanji. Khutu linkamva, zala zinkatsatira, basi. Mwana amachita zimenezo chifukwa saopa. Munthu akakula amayamba kudzifunsa, ndipo tsiku limene wadzifunsa kuti kodi dzanja langali limatani pamenepa, ngati alibe yankho, dzanjalo limayamba kunjenjemera.

Vayolini ili ndi nsambo zinayi, G, D, A ndi E, ndipo pakhosi pake palibe timizere ngati ta pagitala tokuuzani poika chala. Anthu amaganiza kuti povuta ndi pamenepo, kudzanja lamanzere. Ife aphunzitsi timadziwa kuti mawu a vayolini amakhala kudzanja lamanja, logwira uta. Utawo ndi kamtengo kopepuka, kolemera magalamu 60 kapena kupitirirako pang'ono, komangidwa ubweya wa kumchira kwa hatchi umene timaupaka utomoni kuti ugwire nsambo. Amene anaonapo mkulu akuliza kaligo kumudzi akudziwa mfundo yake: mukatsindika kwambiri chimakukuta, mukapepuza kwambiri chimangoliza mluzu. Pa vayolini muyenera kukoka uta pang'onopang'ono kuchokera kutsinde mpaka kunsonga mawu osagwedezeka, ndipo kulemera kwa mkono kuyenera kuyenda kuchokera paphewa, kudutsa pachigongono, mpaka kuchala chamkombaphala popanda pomangika paliponse. Phewa likangokwera pang'ono chifukwa cha mantha, holo yonse imamva.

Dzanja limenelo ndi limene linayamba kumuvuta Menuhin nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Pa nthawi ya nkhondoyo anali ataimbira asilikali maulendo oposa 500, m'misasa ndi m'zipatala, akugona pang'ono, akuyeserera pang'ono. Mu Julayi 1945 anapita ndi Benjamin Britten, wopeka nyimbo wa ku Britain, kukaimbira anthu amene anapulumuka kumsasa wa Bergen-Belsen, kumene a Nazi ankazunzira Ayuda ndi anthu ena. Mu 1947 analiza ku Berlin ndi Wilhelm Furtwängler, wotsogolera okesitira amene anapitiriza ntchito ku Germany mu ulamuliro wa Hitler, ndipo Ayuda ambiri anamukwiyira kwambiri chifukwa cha zimenezo. Ukwati wake woyamba unali ukutha. Munthu wa zaka 30, wodziwika dziko lonse, anapezeka kuti masiku ena uta ukumukana, ndipo sakudziwa pokonza.

Ndiye anayamba kuphunzira ngati mwana wa giredi yoyamba. Anawerenga mabuku a aphunzitsi akale a vayolini, ankafunsa anzake mmene amagwirira uta, ankadziyang'ana mfundo iliyonse ya mkono. Mu 1952 ali ku India anakumana ndi B.K.S. Iyengar, mphunzitsi wa yoga, amene anamuphunzitsa kumasula thupi ndi kupuma bwino, ndipo anapitiriza yoga moyo wake wonse. Kunena chilungamo, dzanjalo silinabwerere ndendende mmene linalili ali mnyamata. Mukamvera zimene anajambula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 mupeza masiku amene analiza mogwira mtima kuposa wina aliyense, ndi masiku ena amene mumamumvera chisoni. Koma munthu amene wathera zaka zambiri akufufuza mmene mkono umayendera amakhala ndi kanthu kouza mwana. Uphunzitsi wake unachokera pamenepo.

Ine ndinazionera ndekha pang'ono pokha. Nditangoyamba kuphunzitsa, kamtsikana kena ka zaka 9 kanandifunsa kuti ndimatani kuti mawu azinjenjemera mokoma ndikagwira notsi yaitali. Ndinanyamula vayolini n'kukaonetsa. Kanayang'ana, kenaka kanati, "Eya ndaona, koma mukutani?" Ndinasowa chonena. Zaka zonsezo ndinkachita chinthu chimene sindikanatha kuchifotokoza. Ndinapita kunyumba, ndinaima pagalasi, ndipo ndinapeza kuti kugwedezako kumayambira pamfundo yomaliza ya chala, imene iyenera kukhala yofewa, ndiponso kuti chala changa chachikulu chinkafinya khosi la vayolini mosafunikira. Nditachimasula, kuliza kwanga komwe kunasintha. Sabata yotsatira ndinakapatsa kamtsikanako kabokosi ka machesi kuti kazigwedeza m'dzanja, machesi akulira mkati, kasanakhudze n'komwe nsambo.

Menuhin anatsegula sukulu yake ku London mu 1963 ndi ana ochepa, ndipo chaka chotsatira inasamukira ku Stoke d'Abernon m'chigawo cha Surrey, kumene ili mpaka lero. Anali ndi zaka 47, akuyendabe mayiko kukaliza, choncho sanaitsegule chifukwa chosowa chochita. Ankafuna kuti ana aluso apeze zimene iye sanapeze: maziko olimba, maphunziro ena onse a kusukulu, ndi anzawo a msinkhu wawo oimba nawo, chifukwa iye ndi alongo ake awiri, Hephzibah ndi Yaltah, anaphunzirira pakhomo. Oliza vayolini otchuka Nigel Kennedy, Tasmin Little ndi Nicola Benedetti anadutsa pasukulu imeneyo. Mu 1977 anayambitsa bungwe la Live Music Now, lotumiza oyimba achinyamata kukaimba m'zipatala, m'nyumba za okalamba ndi m'sukulu za ana olumala, ndipo mu 1983 anayambitsa mpikisano wa oliza vayolini achinyamata umene umatchedwa dzina lake. Manda ake ali pabwalo la sukulu ija.

Pali kankhani kamodzi ka kufupi ndi kwathu. Mu 1950 ali paulendo ku South Africa, nthawi imene anthu akuda sankaloledwa m'maholo a azungu, anapita kukaliza ku Sophiatown ku Johannesburg, m'tchalitchi cha bambo Trevor Huddleston, wansembe yemwe uja amene anadzapezera Hugh Masekela lipenga lake loyamba.

Tsopano za kutsogolera. Kwathu tikati kondakitala timaganiza za mnyamata wa pakhomo la minibasi, koma apa tikunena munthu woima kutsogolo kwa okesitira ndi kandodo, ngati kwayamasita wa kutchalitchi, kungoti anthu ake akhoza kufika 80 kapena 90 ndipo aliyense ali ndi chida chake. Menuhin sanalumphire pamenepo. Anayamba mmene oliza vayolini ambiri amayambira, akutsogolera vayolini ili pakhosi. Kuyambira 1959 mpaka 1968 ankayang'anira chikondwerero cha nyimbo cha ku Bath, ndipo kumeneko anali ndi okesitira yaing'ono imene ankailamulira ndi mutu, maso ndi uta, makamaka pa nyimbo za Bach ndi Mozart zimene sizifuna gulu lalikulu. Pamene dzanja linkacheperachepera mphamvu, kandodo kankatenga malo. Mu 1984 anayamba kugwira ntchito ndi okesitira ya ku Poland ya Sinfonia Varsovia, ndipo anajambula nayo ma symphony onse a Beethoven, nyimbo zazitali za okesitira yonse. Pamene ankamwalira ku Berlin pa 12 Malichi 1999, anali atapita kumeneko kukatsogolera, ali ndi zaka 82.

Kodi anali wotsogolera wamkulu? Maganizo anga ndi akuti ayi, osati ngati Walter kapena Furtwängler amene analiza nawo. Mukaonera mafilimu ake muona kuti manja ake sankaonetsa bwinobwino pogunda, ndipo oyimba ankadalira kwambiri mtsogoleri wa vayolini wokhala pampando woyamba. Koma ankamuimbira ndi mtima wonse, chifukwa akatsegula pakamwa kufotokoza mmene mzere wa nyimbo uyenera kupumira, ankanena ngati munthu amene wauliza mzere womwewo kwa zaka 60. Komanso anali wanthabwala. Mu 1982, okesitira ya Berlin Philharmonic ikukondwerera zaka 100, anaima chadodolido, mutu pansi, n'kutsogolera chiyambi cha symphony yachisanu ya Beethoven ndi mapazi.

Anthu ambiri sadziwa kuti ntchito ya wotsogolera siili pa usiku wa konsati. Ili pa masiku awiri kapena atatu a kuyeserera, ndi miyezi ya m'mbuyo imene amakhala yekha ndi buku lokhala ndi mizere ya zida zonse pamodzi, akuimva nyimboyo m'mutu. Pa kuyeserera amaimitsa gulu n'kunena kuti apa oliza vayolini yachiwiri mwachedwa, apa yambirani kunsonga ya uta, apa mverani chitoliro musachikwirire. Amayi, kumeneko n'kuphunzitsa, kungoti ophunzira ake ndi akuluakulu olipidwa amene sachedwa kuzindikira munthu wosadziwa zimene akunena. N'chifukwa chake oliza vayolini amakhala ndi mwayi pantchitoyi, pakuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mu okesitira amaliza vayolini. Neville Marriner, wotsogolera wotchuka wa ku Britain, anakhala zaka zambiri akuliza vayolini mu London Symphony Orchestra, ndipo gulu lake la Academy of St Martin in the Fields analiyambitsa akutsogolera ali chikhalire pampando, vayolini ili m'manja.

Tibwere kwa mwana wanu. Sindinamumve akuliza, choncho ndingonena mmene msewu ulili. Oima okha kutsogolo ngati Menuhin, amene amadya ndi kuvala kuchokera pa makonsati okha, ndi ochepa kwambiri padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo pa zaka 14 amakhala atadutsa kale magiredi onse 8. Giredi 7 pa msinkhu umenewo ndi yabwino ndithu, koma ikuloza ku msewu wina, umene oyimba ambiri odzidalira amayendamo. Munthu amamaliza sekondale, amalowa sukulu yaukachenjede ya nyimbo zaka zinayi, ena amawonjezera ziwiri, kenaka amayamba kuyesedwa m'ma okesitira. Okesitira yaikulu imakhala ndi oliza vayolini pafupifupi 30, ndipo mpando umodzi ukatseguka amaufuna ndi anthu ambirimbiri ochokera mayiko osiyanasiyana. Ku Britain, ukapambana pa kuyesedwako nthawi zambiri amakupatsa kaye masabata oti ulize nawo, akuone ngati ukukwanira m'gululo, ndipo zimenezi zimatha kutenga miyezi yambiri mpando usanaperekedwe. Ambiri amakhala oyitanidwa: sabata ino akuliza ndi gulu ili, sabata yamawa akujambula nyimbo za filimu, Loweruka ali pa ukwati ndi anzawo atatu, ndipo masiku awiri pa sabata akuphunzitsa. Ndalama yake si yolemeretsa, ndipo miyezi ina imakhala yowuma. Apa bambo ake ali ndi mfundo, musawatsutse. Ndalama ya uphunzitsi ndi imene nthawi zambiri imalipira lendi mwezi ndi mwezi.

Mwayi wanu ndi woti muli ku Manchester. Mumzinda momwemo muli Chetham's School of Music, yolandira ana a zaka 8 mpaka 18, ndi Royal Northern College of Music, imene ili ndi maphunziro a ana Loweruka lililonse. Ine ndikanayamba ndi za Lowerukazo, chifukwa mwana amapitiriza sukulu yake yanthawi zonse, koma amakumana ndi anzake oliza bwino kuposa iye. Zimenezo zimauza mwana zoona mofulumira kuposa mmene kholo lingamuuzire. Ena amabwerako atafooka, ena amabwerako akudzuka okha m'mamawa kukayeserera. Za fizi musathawe musanafunse, boma la kumeneko lili ndi thandizo lotchedwa Music and Dance Scheme limene limayang'ana ndalama zimene banja limapeza, ndipo Chetham's komanso sukulu ya Menuhin zili m'gulu la sukulu zolandira thandizoli. Mwina mwanayo amadzifunsanso ngati munthu wakhungu lakuda ali ndi malo m'nyimbo zotere. Muonetseni okesitira ya Chineke!, imene oyimba ake ambiri ndi akuda ndi ena osakhala azungu, yoyambitsidwa ndi Chi-chi Nwanoku mu 2015, ndi ana a Buskaid a ku Soweto, amene akhala akuliza vayolini ku Diepkloof kuyambira 1997.

Kwa mphunzitsi wake kafunseni zinthu ziwiri. Choyamba, kodi mwanayu amachita masikelo tsiku lililonse, kapena amangothamangira nyimbo zimene amazikonda? Ana akhutu labwino ndi amene amazemba kwambiri, chifukwa khutu limawabisira. Chachiwiri, kodi amadandaula kupweteka kwa khosi, phewa kapena dzanja? Akamadandaula, musamuuze kuti apirire. Kupweteka pa zaka 14 kumasonyeza kuti pena pake pamangika, ndipo kukonza tsopano ndi masabata ochepa, pamene kukonza pa zaka 30 ndi zaka zambiri, monga zinamuchitikira Menuhin. Ngati n'kotheka, mphunzitsiyo amulole kukhala pambali pamene akuphunzitsa kamwana koyamba kumene, ndipo tsiku lina amusiyire mphindi zisanu kuti akasonyeze kagwiridwe ka uta. Mudzamufunse pobwera kuti zinayenda bwanji. Akadzati zinamutopetsa, dziwani kuti mbali yaikulu ya ntchito imene akuifunayo idzamutopetsa. Akadzayamba kukufotokozerani za chala chachikulu cha kamwanako mpaka nsima kuzizira, muuzeni bambo ake amve nawo.

Bambowo musalimbane nawo ndi mawu. Okesitira ya Hallé, imene yakhala ku Manchester kuyambira 1858, imaimba mu Bridgewater Hall, ndipo muholomo muli mipando ina kumbuyo kwa oyimba, kumene kumakhala kwaya ikakhalapo. Gulani matikiti atatu a pamenepo pa tsiku limene kulibe kwaya. Mukakhala kumeneko wotsogolera mumamuona kumaso, mumaona akukoka mpweya asanatsitse dzanja ndipo anthu onse aja akukoka naye limodzi, mumaonanso manotsi a pensulo amene oliza alemba pamapepala awo. Konsati ikatha, tulukani pang'onopang'ono, ndipo mukakumana ndi mmodzi wonyamula bokosi la vayolini kumsana akuthamangira tramu, bambowo amufunse yekha kuti Lolemba m'mawa amakhala ali kuti.